Kamwana ka Diso la Bambo

Chinsapo, Lilongwe
11 Januwale 2004

Okondeka Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga Atupele. Chimanga chafika pati kumudziko? Kuno mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, msewu wa kumsika wasanduka phala. Ine ndili bwino. Sukulu tatsegulira, ndayamba Fomu 3.

Ndalemba chifukwa cha Bambo. Sindikudziwa poyambira, chifukwa sakudwala matenda oti munthu angawatchule dzina. Kuyambira nthawi ya Khirisimasi akumadandaula mutu, ndipo inu mukuwadziwa kuti si munthu wodandaula. Panado akungomutafuna ngati mtedza. Kunyumba ija akumanga ku Area 36, sabata yathayi apitako kawiri kokha. Masiku enawo ndimawapeza atagona dzuwa lili pamutu, nsapato zili kuphazi.

Lachinayi ndinawapatsa tiyi. Kapu inapulumuka m'manja mwawo, iwo n'kumangoiyang'ana pansipo ngati waigwetsa ndi munthu wina. Nditaitola anati, "Chogwirira chake n'choterera." Amayi, kapu ija ilibe chogwirira. Chinathyoka inu musanapite.

Levulo yawo yowongolera khoma, imene salola munthu aliyense kuikhudza, ndinaipeza panja ikunyowa ndi mvula. Mpira ukamalira pa wayilesi sakukangananso ndi woulutsa monga amachitira. Amangokhala, mutu uli m'manja. Ndikawafunsa amati n'kutopa.

Pakhomo pano tili awiriwiri, ndilibe wina woti ndimufunse. Mayi a Favour, eni nyumba, amasiya kulankhula ndikafika pampopi, ndipo amayambiranso ndikasenza ndowa.

Ndikudziwa kuti munati mudzabwera mukakolola. Koma ngati n'kotheka kusiya munda m'manja mwa a Malume Greenwell kwa sabata imodzi yokha, bwerani mudzawaone nokha. Mwina inu mudziwa chimene ine sindikuchidziwa.

Mumuuze Atupele kuti chidole chake chinatsala pansi pa bedi, ndamusungira.

Ndine mwana wanu,
Levison


Migowi, Phalombe
21 Januwale 2004

Levi mwana wanga,

Kalata yako ndalandira. Ife tadzuka. Atupele anadwala malungo koma wayamba kudya. Chimanga chili m'chiuno, tikubandira.

Zimene walembazo sizinandidzidzimutse, chifukwa mbiri inafika kuno kalata yako isanafike. Mng'ono wawo wa mayi a Favour anabwera kumaliro kwa Nkhulambe, ndipo anandiitanira pambali. Akuti bambo ako anawaona masanasana akudzandira pamsika wa Chinsapo mpaka anagwera m'ngalande, ana akuwaseka. Akuti powadzutsa amalankhula lilime lili lolemera. Iwe zimenezi sunalembe. Walemba za kapu.

Ndinakubereka ndine, usandibisire. Sunali khanda nthawi ija, ukukumbukira mmene tinkakhalira ku Mgona: kuwatola m'njira, mbale kusweka, ine kugona kwa anthu ndi Atupele kumbuyo. Ukukumbukiranso tsiku limene ankhoswe anakhala pansi, malume ako Greenwell mbali yanga, a Ezekiel, akulu awo a bambo ako, mbali yawo. Bambo ako analumbira okha pamaso pa anthu kuti akadzalawanso mowa, banja lidzathere pomwepo, ana adzatsale ndi ine. Palibe anawakakamiza. Asunga mawuwo zaka zitatu ine ndilipo. Ndangotembenuka kuti ndikalime chakudya chodzadya iwo omwe, basi abwerera.

Mutu kuwawa, kugona masana, kugwetsa zinthu. Matenda amenewo ine dzina lake ndikulidziwa, amawagulitsa m'mabotolo.

Sindingasiye munda pakati pa kubandira kuti ndikavuule munthu wamkulu m'ngalande. Chita izi: akabwera madzulo uwayandikire, uwanunkhize mkamwa ndi malaya omwe. Kenaka undilembere zoona zokhazokha. Akakwiya usamawayankhe. Pogona uzitseka chitseko cha kuchipinda kwako.

Nkhaniyi ndawauza malume ako. Akuti aiganizira.

Ndatumiza nandolo pang'ono ndi kondakitala wa basi yemwe wakupatsa kalatayi. Uziyamba wamunyika, asakuthere makala.

Mayi ako,
Pauline


Chinsapo, Lilongwe
29 Januwale 2004

Okondeka Amayi,

Moni kwa inu ndi Atupele. Ndakondwa kuti wayamba kudya. Nandolo ndalandira, zikomo.

Za ngalande n'zoona. Koma ndachita zimene munanena. Ndawanunkhiza mkamwa, malaya, pilo, ngakhale matumba a jekete. Mulibe mowa. Loweruka ndinawatsatira kumbuyo osandiona. Anadutsa pakhomo paja amatcheza kachasu osacheuka n'komwe. Amayenda atapendekera mbali imodzi, phazi la kumanja likukhwekhwereza pansi. Atafika pa siteji anangoima, maminibasi akudzaza n'kumapita, makondakitala akuwakoka malaya. Kenaka anatembenuka n'kubwerera kunyumba. Atandipeza pakhomo anandifunsa ngati lero ndi Lolemba.

Ndinawanyengerera kupita ku kachipatala kena kolipira kuno. Anawayeza magazi, malungo sanapezeke. Wowayezayo anafunsa kuti, "Mumamwa?" Bambo anati, "Ndinkamwa." Iye anangoti, "Muchepetse, madala," n'kutipatsa panado wina.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndalembera kalatayi.

Lamulungu Bambo amafuna kupita kutchalitchi, koma lezala limakana kukhazikika m'dzanja lawo la kumanja. Atadzicheka kawiri anandiitana. "Iwe, tandimete." Anakhala pa mpando pakhomo pamene pali kuwala.

Amayi, inu munatiphunzitsa kuti mwana sayang'ana munthu wamkulu m'maso. Chibadwire ine Bambo sindinawayang'anepo m'maso. Nsapato zawo ndimazidziwa, manja awo ndimawadziwa, chipsera cha pachibwano ndimachidziwa. Koma munthu sungamumete ukuyang'ana pansi.

Maso awo ndi osiyana. Ndikunena kamwana ka diso, kadontho kakuda ka pakati kaja. Ka kumanja n'kakang'ono ngati njere ya therere. Ka kumanzere n'kakakulu, pafupifupi ngati nandolo mwatumizayu. Chikope cha kumanzereko nachonso chatsika pang'ono, ngati mbali imeneyo ili ndi tulo.

Anati, "Ukuyang'ana chiyani?"

Ndinati, "Ndevu, Bambo."

Chaka chatha kusukulu tinaphunzira kuti kamwana ka diso kamachepa pa kuwala n'kukula mumdima, ndipo maso onse awiri amachita zimenezo limodzi. Ndinadziyesa ndekha ndi tochi ndi kagalasi kanu kaja. N'zoona. Ndinamuyesa Favour nditamupatsa switi. N'zoonanso. Kenaka ndinawanamiza Bambo kuti ndaona kachitsotso m'diso mwawo, n'kuwaunika. Ka kumanja kanachepa nthawi yomweyo. Ka kumanzere kanachita ulesi, kanangosuntha pang'ono.

Ndinawafunsa aphunzitsi a Biology titaweruka, osatchula kuti ndi ndani. Anati zimenezi zili ndi magwero ambiri. Anthu ena amabadwa choncho ndipo si matenda. Ena ndi mankhwala amene anathira m'diso, ena diso linalasidwapo kale. Koma anati ngati zangoyamba kumene, ndipo munthuyo mutu ukumuwawa, vuto si diso, lili m'kati mwa mutu, ndipo athamange naye kuchipatala chachikulu.

Bambo sanathire mankhwala alionse m'maso. Nditawauza za chipatala chachikulu anakwiya. Anati kumeneko kumapita anthu odwala.

Ndiye funso langa ndi ili, ndipo palibe wina angaliyankhe koma inu: kodi maso a Bambo anali otere kuyambira kale? Chonde yankhani ndi basi yoyamba.

Mwana wanu,
Levison


Migowi, Phalombe
30 Januwale 2004

Kwa mphwanga Levison,

Moni. Ife kuno tili bwino, makina akulira, mayunifolomu a sukulu andichulukira. Ndikhulupirira kuti ukulimbikira maphunziro ngakhale pakhomo pali chipwirikiti.

Mayi ako andifotokozera zonse. Ine monga nkhoswe ndinalipo tsiku limene bambo ako, a Mackson, analumbira, ndipo makutu anga ndi abwinobwino. Nsalu ikang'ambika pamene unasoka kale, siumasokanso pomwepo. Ulusi sugwira.

Choncho ndikubwera Loweruka pa 7 Febuluwale. Ndidzayamba ndagona ku Limbe kuti ndigule nsalu, kenaka ndidzakwera ya ku Lilongwe. Ndikadzafika ndidzapeze utalongedza zovala, mabuku ndi bulangete. Ukapemphe kwa ahedi kalata yosinthira sukulu. Kuno malo ndakupezera kale, udzakhala kwa ine. Katundu wa mayi ako, mapoto ndi mbale, uziike pambali.

Ndawalemberanso a Ezekiel ku Thyolo kuwadziwitsa kuti m'bale wawo wathyola pangano. Zotsalazo tidzakambirana akuluakulu.

Mayi ako akuti ukuwabisira bambo ako. Sindikukudzudzula, mwana aliyense amatero. Koma munthu womira ukamugwira dzanja uli mwana, mumamira nonse. Usawauze kuti ndikubwera, angathawe pakhomo.

Malume ako,
G. Likoswe


Chinsapo, Lilongwe
4 Febuluwale 2004

Amayi,

Moni. Yankho lanu silinafike. Yafika ndi kalata ya a Malume. Ndayesa kuimba foni ku golosale ya pa Migowi kuti akuitaneni, koma sikulowa, akuti mvula inagwetsa mapolo.

Lolemba kunabwera a Lajabu, anzawo a Bambo a kuntchito, kudzasiya zipangizo zawo. Foromani walemba munthu wina. Atawaona Bambo ali gone anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati, "Mwana iwe, anthu akuti bambo ako akumwa. Ine ndine Msilamu, fungo la mowa ndimalimva munthu ali kutsidya kwa msewu. Ndadya nawo mbale imodzi chaka chonse. Sakumwa."

Kenaka anandiuza chimene Bambo anabisa. Kumayambiriro kwa Disembala thabwa la pa nsanja linathyoka Bambo ali pamwamba. Anagwa n'kumenyetsa mutu pa mulu wa njerwa, mbali ya kumanzere. Anakomoka kwa kanthawi, kenaka anadzuka akuseka n'kukweranso. Magazi sanatuluke. Anawaletsa a Lajabu kunena, chifukwa foromani amachotsa aliyense wovulala, komanso anati, "Mkazi wanga akamva asiya munda."

Kumanzere, Amayi. Mbali ya diso lija.

Kuyambira dzulo Bambo akuvuta kudzutsa. Asanza kawiri. M'mawa uno ananditchula Ezekiel. Kamwana ka diso la kumanzere kakula kuposa kale, ndipo ndikaunika sikakusunthanso.

Ndinapempha amuna awo a mayi a Favour kuti atithandize ndi galimoto yawo. Mayi a Favour anayankha ali m'nyumba kuti, "Woledzera amadzuka yekha, mafuta adula." Ine ndi a Lajabu tinayesa kuwanyamula. Titafika pakhomo anatsegula maso n'kugwira felemu ya chitseko ndi dzanja la kumanzere, akukuwa kuti tiwasiye. A Lajabu anawabwezera pa bedi. Anati, "Munthu wamkulu akukana, abale ake palibe. Atatifera m'njira ine ndidzayankha chiyani?" Akuti tidikire a Malume Loweruka.

Sindikupita kusukulu. Ndimakhala pambali pawo n'kumawagwedeza kuti ndione ngati ayankha.

Sindilongedza katundu. Muwauze a Malume ngati sananyamuke.

Levison


Migowi, Phalombe
5 Febuluwale 2004

Levi,

Kalata yako yonena za maso yafika lero masana. Inakhala pa depoti chifukwa mlatho unakokoloka, mabasi samawoloka. Malume ako anyamuka m'mawa, sanaione.

Maso a bambo ako ndi ofanana. Ndawayang'ana zaka makumi awiri, pa dzuwa ndi pa nyali. Ndi ofanana. Ngakhale masiku a mowa aja ankafiira onse awiri, kulemera onse awiri. Mowa susankha diso limodzi.

Pita nawo kuchipatala chachikulu lero lomwe walandira kalatayi. Akakana usawamvere. Uwauze kuti ndanena ndine. Ngati akutukwana, atukwane ali m'njira. Gogoda khomo lililonse mpaka upeze amuna awiri. Wayilesi gulitsa ngati pakufunika galimoto.

Malume ako akafika uwaonetse kalata ino asanatsegule pakamwa.

Ine ndikufuna woti ndimusiyire Atupele. Mtsinje ndiwoloka ndi miyendo.

Mwana wanga, unandiuza, ine ndinamvera anthu a kumaliro.

Mayi ako


Pakhonde la chipatala chachikulu, Lilongwe
8 Febuluwale 2004

Mlongo wanga Pauline,

Kalata yako ya kwa Levi yafika m'mawa uno, a Lajabu atibweretsera kuno. Mwina tidutsana m'njira, koma ndikulemba ndithu. Alamu ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo.

Ndinafika ku Chinsapo dzulo masana mawu anga ali okonzeka kale pakamwa. Ndinamupeza Levi ataima pakhomo, tochi ili m'manja, katundu osalongedza. Sanandilandire ngakhale chikwama.

Anati, "Malume, musanalankhule, muwayang'ane m'maso."

Ndinati, "Sindinachoke ku Phalombe kudzasirira maso a chidakwa. Chikwama chako chili kuti?"

Mwana uja amayankha anthu akuyang'ana zala za kuphazi, dzulo anandiyang'ana ine pankhope. Anati, "Muwayang'ane kaye. Mukatero munene zonse mwabwera nazo."

Ndinalowa. Alamu anali gone, akuliza mkonono wachilendo. Ndinawaitana, "A Mackson! A Mackson!" Anangobuula. Ndinakweza dzanja lawo la kumanja, linagwa ngati mkono wa malaya. Mlongo wanga, ine alamu oledzera ndinawanyamulapo kambirimbiri, fungo lake ndikulidziwa. M'chipinda muja munalibe. Levi anawatsegula zikope n'kuunika. Kadontho ka kumanja kanali ngati batani la pa kolala. Ka kumanzere kanali ngati batani la jekete, kakuda bii, osasuntha.

Mawu anga aja sindikudziwa kumene anapita.

Tinawaika pa wilibala ya a Lajabu mpaka pa siteji. Sanakanenso, analibe mphamvu zokanira. Kondakitala anati, "Madala ayamba msanga wikendi!" Anthu anaseka. Ine ndinalipira mipando itatu, tinawagoneka.

Kuno dokotala anangoti kuunika m'maso kamodzi, nkhope yake inasintha. Anafunsa ngati anagwapo. Levi anafotokoza zonse mwadongosolo, za nsanja, za kapu, za phazi, za tsiku limene diso linasiya kusuntha. Dokotala anati pamene anagwa paja kamtsempha kanaduka m'kati mwa chigaza, ndipo magazi akhala akudontha pang'onopang'ono masabata onsewa mpaka apanga dziwe. Dziwelo likukankha ubongo, ndiye kudzandira kuja ndi lilime lolemera. Tsopano lafika popanikiza mtsempha umene umayendetsa kamwana ka diso. Anati kokajambula mutu n'kutali ndipo nthawi palibe, koma disolo lawauza kale mbali imene kuli magazi. Aboole chigaza kumanzere kuti atuluke. Akapanda kutero sangafike m'mawa. Akatero, mwina.

Kenaka anatulutsa pepala loti wachibale asayine. Levi anatambasula dzanja. Dokotala anati ayi, ndi mwana.

Onse anayang'ana ine.

Pauline, ine ndine mlamu chabe. Munthuyu eni ake ndi a Ezekiel, ndipo ali ku Thyolo ndi kalata yanga m'thumba, yonena kuti ndikupita kukathetsa banja la m'bale wawo. Alamu atafera pa tebulo, a Ezekiel adzati chiyani? Adzati telala anapita ku Lilongwe ndi mkwiyo, anakamuboola mutu. Mlandu umenewo sudzatha, udzafika mpaka kwa ana athu. Ndinamuuza dokotala kuti tiyambe tatumiza uthenga ku Thyolo. Iye anayang'ana wotchi.

Levi anandigwira mkono. Anati, "Malume, mwabwera kudzatenga ine. Sayinani, ndipita nanu kulikonse mukufuna. Sindidzavuta."

Ndinasayina. Dzina langa lomwe silikuwerengeka papepalapo.

Anawalowetsa dzuwa likulowa. Dokotala potuluka anati magazi anatuluka akuda ngati oyilo wakale wa galimoto. Akuti kadontho kaja kayamba kuchepa pang'ono, ndipo chimenecho n'chizindikiro chabwino. Koma mpaka pano sanatsegule maso, sanalankhule. Mutu uli m'mabandeji. Levi wakana kuchoka pambali pa bedi, wakananso kudya.

Sindikudziwa ngati ndapulumutsa munthu kapena ndapha. A Ezekiel ndawatumizira uthenga. Bwera msanga.

Mlongo wako,
Greenwell


Lilongwe
17 Febuluwale 2004

Okondeka Malume,

Ndikhulupirira kuti munayenda bwino ndipo mwamupeza Atupele ali bwino. Amayi akupereka moni. Akugona pansi pambali pa bedi la Bambo, ine ndimabwera ndikaweruka. Sukulu ndayambiranso dzulo.

Mutangochoka Lachitatu lija, Bambo anapitiriza monga munawasiyira: maso otsegula, kumeza phala, koma mawu ayi. Amayi akawalankhula amangowayang'ana. Dokotala anati mbali imene kunali magazi ndi imene imasunga mawu, ndiye tidikire. Titafunsa kuti mpaka liti, anati sakudziwa, ndipo ena mawu sabwerera.

A Ezekiel anafika Loweruka ndi amuna ena awiri a ku Thyolo. Sanakhale pansi. Ataona mabandeji anayamba kulankhula mokweza mpaka odwala a mabedi ena anadzuka.

"Analola zimenezi ndani? Mutu wa munthu ndi dzungu kodi? Ife eni ake tinafa?"

Amayi anagwada n'kuyamba kufotokoza. Iwo anatulutsa kalata yanu ija m'thumba n'kumaigwedeza. Anati, "Greenwell analemba yekha kuti akubwera kudzathetsa banja. Lero m'bale wanga ndi uyu, wasanduka chosalankhula. Greenwell abwere. Tiitana msonkhano wa mbali zonse, adzatiuze amene anamupatsa mphamvu pa mutu wa mwini wake."

Ndinayesa kunena za diso. Anati, "Iwe khala chete, tikulankhula akuluakulu." Anesi anabwera kudzawauza kuti atuluke. Iwo anati satuluka asanamve kuti muyankha liti.

Ine ndinali kumutu kwa bedi, ndiye ndinali woyamba kuona. Milomo ya Bambo imagwedezeka. Anayesa kamodzi, panangotuluka mpweya. Anayesanso. Ndinati, "Taimani, akufuna kunena kanthu." Palibe anandimva. Ndinamenya chitsulo cha bedi ndi supuni mpaka onse anacheuka.

Mawu ake anatuluka limodzilimodzi, okhota, koma aliyense anamva.

"Achimwene. Khalani pansi."

Kalata ya a Ezekiel ikadali m'mwamba, Bambo anapitiriza.

"Mutu ndi wanga. Telalayo musiyeni."

Anapuma nthawi yaitali, thukuta lili pamphumi. Tinkaganiza kuti atha. Kenaka anatembenuza maso kwa Amayi, amene anali chigwadire.

"Nanga munda?"

Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuthamangira panja. A Ezekiel anakhala pa bedi la munthu wina osapempha, anapinda kalata ija kanayi n'kuibweza m'thumba. Anabwerera ku Thyolo Lamulungu. Za msonkhano sanatchulenso.

Kuyambira pamenepo Bambo akulankhula pang'onopang'ono, ngakhale mawu ena akuwasowa. Mwezi wa Januwale sakuukumbukira n'komwe. Dzanja la kumanja layamba kufinya chala changa, koma dokotala sakulonjeza kuti lidzagwiranso njerwa. Za ntchito ndi za nyumba sitikudziwa, Amayi akuti tiziona akatuluka.

Lonjezo langa lija sindinaiwale. Ngati mukufunabe kuti ndibwere ku Migowi, ndibwera. Ndingopempha kuti ndiyambe ndawaona akuyenda okha.

Amayi akuti usiku uno mugone tulo, mlandu kulibe. Akutinso mumuitane Atupele, mumukhazike pansi, mumuuze kuti bambo ake alankhula.

Ndine mphwanu,
Levison